Jakisoni wa pantchafu anawabaya mumtsempha: zomwe ndinaona mu ambulansi

Papita chaka ndi miyezi ingapo tsopano koma nkhani iyi ndikaikumbukira m'mimba mumanditentha ndithu. Ndakhala ndikuzengereza kuilemba, ena amandiuza kuti iwe munthu wako ali moyo ukufunanso chani, ingothokoza Mulungu, ndipo kuthokozako ndimathokoza tsiku ndi tsiku, koma pali zinthu zoti ndikanazidziwa tsiku lija bwenzi zina zitayenda mosiyana, nde ndati ndizilembe mwina wina zingamuthandize. Dzina la chipatala olo la a ambulansi aja sinditchula, nkhaniyi idakali m'manja mwa oifufuza ndipo eni akewo mpaka lero sanavomere kuti analakwitsa. Ine ndikunena zomwe ndinaona ndi maso angawa basi.

Tsikulo amuna anga ankasadza mtengo kuseri kwa nyumba, osadziwa kuti m'mphako muli njuchi. Zinawaluma zitatu kaya zinayi, ina pakhosi penipeni. Analowa m'nyumba akuseka, ati eni mtengo andipatsa moni. Pasanathe mphindi 10 kuseka kuja kunatha. Ziwengo mbwee thupi lonse, milomo kutupa, mawu kusasa, akamapuma kukumveka kalikhweru pakhosi. Anandigwira mkono nkuti "mayi, pakhosi pakutsekeka." Ine nde mutu unaima. Kale njuchi zinawalumapo kangapo, kumangotupa pamalo pomwepo basi, sitinkadziwa kuti thupi likhoza kusintha nkuyamba kudana ndi mbola mpaka kufika pamenepa. Pambuyo pake ndinamva kuti madokotala amati anaphylaxis, ndipo imapha mumphindi zochepa ngati munthu sanathandizidwe.

Ndinaimba foni, ambulansi inabwera, ndipo pamenepa ndisaname anafika msanga. Anali awiri, bambo wachikulire yemwe ankayendetsa ndi mnyamata wina wooneka kuti ntchito wayamba posachedwa. Anawagoneka pa kabedi kaja, kuwaveka masiki ya okosijeni, kuwaika kanyula, kapaipi kaja kolowa mumtsempha, kuseri kwa dzanja lamanzere nkukoleka dilipi. Wachikulire uja anati "apatse adrenaline, ine ndinyamuke," nkupita kutsogolo. Ine ndinakhala kumbuyo, pakampando kam'mbali, mawondo anga akugunda bedi.

Apa ndifotokoze pang'onopang'ono chifukwa mpamene pagona nkhani yonse. Mnyamata uja anatsegula chikwama, anatulutsa kabotolo kagalasi kakang'ono zedi, kochepa kuposa chala changa chakaniso, anakathyola khosi, kukoka mankhwala mu sirinji, galimoto ili pa liwiro ikutigwedeza uku ndi uku. Kenako anagwira dzanja la amuna anga, anatsegula kachivindikiro ka pakanyula paja nkukankha mankhwala onse kamodzi. Thalauza sanaikhudze, ntchafu sanaiyandikire nkomwe. Ine ndinaona zonsezi koma ndinaziona ngati mmene umaonera munthu akukonza injini, ukuona manja akuyenda koma sukudziwa chomwe chili bwino ndi chomwe chalakwika. Kabotolo kaja kanagwa pansi nkumagubuduzika kufika paphazi langa, ndinakatola poopa kuponda galasi, ndinakakulunga mu tishu nkuponya m'chikwama, osaganiza kalikonse.

Mphindi imodzi sinakwane. Amuna anga anakuwa mkati mwa masiki, anagwira mutu ati ukuphulika, kenako anagwira pachifuwa. Nkhope yonse inatuwa, thukuta kamukamu, manja akunjenjemera, nkusanza mu masiki momwemo. Kamakina kaja kanayamba kulira mosalekeza, ndinaona manambala a mtima akudumpha kupitirira 170 ndipo BP itayezedwa inali pamwamba pa 200. Chomwe sindidzaiwala ndi nkhope ya mnyamata uja. Anayang'ana sirinji yomwe inali m'manja mwake, anayang'ana dzanja la wodwala, maso tong'o, nkumenya kawindo kakutsogolo akuti thamangani bwana thamangani. Ine posowa mtengo wogwira ndinatumiza voisi pa WhatsApp kwa alamu anga omwe ndi namwino, ndikulira, ndinati "alamu angowabaya mankhwala pa dilipi pompano koma akukuwa mutu ndi chifuwa, tipempherereni." Kavoisi ka masekondi 11 kameneka, ndi kamene kanadzakhala mboni yanga.

Titafika kuchipatala mnyamata uja anapereka lipoti mothamanga, ndinamumva akuti "adrenaline 0.5 IM." Ine IM sindinkadziwa kuti nchani. Adokotala anawayeza, kupuma kunali kutayamba kubwerera, kutupa kukuphwa, koma chifuwa chikuwawabe ndipo mtima sukukhazikika. Anandifunsa, "mayi, bambowa ali ndi vuto la mtima? Amamwa mankhwala a BP? Amasuta?" Zonse ndinati ayi. Ndinaona kuti adokotalawo akudabwa, akubwerezabwereza kuyang'ana pepala la a ambulansi. Ndipo ine ndinali pomwepo, yankho ndili nalo m'mutu mwangamu, koma sindinanene chifukwa sindinkadziwa kuti ndi yankho. Komanso kunena zoona ndinkaopa, umadziwa mmene timachitira tikaona yunifomu, timangopinda manja kuti eni ntchito akudziwa.

Patapita pafupifupi maola awiri alamu anga anatuluka ku ntchito nkumvetsera voisi ija. Foni inalira. Sanapereke nkomwe moni, anangoti "alamu, mwati anawabaya pati?" Ndinati pa dilipi, padzanja. "Mukunenetsa? Osati pantchafu?" Ndinati pantchafu sanagwirepo munthu. Anakhala kaye chete kenako anati "pitani pompano mukawauze adokotala mmene mwandiuziramu, musadikire ine, pitani."

Ndinapita miyendo ikulemera. Ndinawapeza akulemba fayilo ya munthu wina, ndinati pepani adokotala, mwina nzopanda pake, koma jakisoni uja mu ambulansi anabayira pakanyula. Anasiya kulemba. Anandifunsa kawiri, ndinatulutsa kabotolo kaja mu tishu, anakawerenga, nkunyamuka osanena kanthu kupita kwa amuna anga. Anawavula thalauza kuyang'ana ntchafu zonse ziwiri, panalibe bala la singano. Kuchokera pamenepo zinthu zinasintha, anajambulanso ECG yoona kagundidwe ka mtima, anatenga magazi oyeza chomwe amati troponin, chomwe chimakwera mnofu wa mtima ukavulala, ndipo mmalo mowatumiza ku wadi wamba monga ankaganizira anawaika ku chipinda cha odwala ofunika kuwayang'anira usiku wonse, pamakina. Troponin ija inapezeka yokwera. Tinagona masiku anayi.

Zomwe alamu anga ndi adokotala anandifotokozera pambuyo pake ndi izi, ndipo ndikufuna muzimve bwino chifukwa sindikufuna wina achoke pano akuti adrenaline ngoipa. Ayi ndithu. Pa anaphylaxis adrenaline ndiye mankhwala oyamba, ndi amene amatsegula njira ya mpweya nkukweza BP yomwe imakhala ikugwa, popanda iyeyo amuna anga mwina bwenzi tikunena zina. Vuto silinali mankhwala, olo mulingo wake, vuto linali njira. Kabotolo kaja kamakhala ndi 1 mg mu 1 ml, ena amalemba kuti 1:1000. Munthu wamkulu amamupatsa theka lake, 0.5 mg, kubaya mumnofu wa ntchafu chakunja, ndiye IM ija, ndipo ngati sizikusintha amabwereza pakatha mphindi 5. Mumnofu mankhwala amalowa m'magazi pang'onopang'ono. Mumtsempha, yomwe amati IV, onse amakafika kumtima nthawi imodzi. Adrenaline wa mumtsempha wokwana 1 mg, wosungunulidwa mu 10 ml, yemwe amalemba 1:10,000, amapatsa munthu yemwe mtima wake waima kale. Kwa munthu yemwe mtima ukugunda, ngati pafunikadi kudzera mumtsempha, amachita ndi akatswiri, pamakina, timilingo tating'onoting'ono ngati ma microgram 50. Nde tawerengani nokha, 0.5 mg ndi ma microgram 500, kuchulukitsa ka 10. Mtima umathamanga mopenga, BP imakwera modzidzimutsa, ena mtima umasokonekera kagundidwe, ena amachita sitiroko. Dzina limodzi la mankhwala, manambala awiri ofanana maonekedwe, njira ziwiri, munthu ali mu galimoto yothamanga wodwala akubanika patsogolo pake. Kulakwitsa kumeneku nkodziwika pakati pa azaumoyo, sikunayambire pa ife.

Ndiye nkhani inafika poti tifunse kuti chinachitika nchani. Apa mpamene ndinaphunzira kuti kudwala nkwina, kufunsa nkwina.

Poyamba ndinapita kukadandaula pakamwa pokha, ndinkaganiza kuti tikambirana ngati anthu. Anandiuza kuti abwana kulibe, mubwere mawa. Mawa lake akuti ali ku mitingi. Sabata yotsatira akuti fayilo ili kwina. Ndinayenda maulendo anayi popanda olo kapepala kosonyeza kuti ndinabwerako. Alamu anga ndi amene anandidzudzula, anati zapakamwa zimauluka ndi mphepo, lembani kalata. Ndinalemba, makope awiri, tsiku, nthawi, zomwe ndinaona mwatsatanetsatane popanda kutukwana munthu, ndipo amuna anga anasayina chifukwa wodwala ndi iwowo, zolemba za kuchipatala ndi zawo, ine pandekha akanatha kundikaniza. Ndinapempha zinthu zitatu zokha, kope la pepala la a ambulansi, kope la fayilo ya kuchipatala pamodzi ndi ma ECG ndi zotsatira za magazi, ndi kuti atiuze mwa kalata zomwe apeza. Kope limodzi ndinasiya, linalo ndinaumirira kuti adinde chidindo ndi deti nkundibwezera. Mayi wa pa desiki anandiyang'ana ngati ndamutukwana koma anadinda.

Pepala la a ambulansi litabwera, palembedwa bwinobwino, adrenaline 0.5 mg IM, nthawi 15:41. Za kukuwa mutu, za BP yopitirira 200, za kusanza, mulibe. Abale ndinakhala pansi. Kulakwitsa ndikanamvetsa, munthu ndi munthu, koma kulemba zomwe sizinachitike ndi kumene kunandipweteka kwambiri, chifukwa pepala limenelija ndi lomwe adokotala ankadalira pothandiza amuna anga maola awiri oyambirira aja. Akanawatumiza ku wadi wamba opanda makina usiku umenewo, mtima uli chomwecho, kaya.

Anatiitana ku mitingi patatha mwezi ndi theka. Mbali yawo anali anthu anayi, ife awiri ndi alamu. Bambo wina wa tayi analankhula mwaulemu kwambiri, ulemu wake uja wokuchepetsa, anati "mayi, tikumvetsa kuti nthawi imeneyo munali osokonezeka maganizo, munthu akakhala ndi mantha amaona zinthu mosiyana, mwina munaona akutsuka kanyula ndi madzi a dilipi." Zoti amatsuka kanyula nzoona, amaterodi. Kanthawi kochepa ndinayamba kudzikayikira ndekha, mwina ndinaonadi molakwika? Koma ndinatulutsa foni, ndinaika voisi ija pa sipika. Mawu anga akulira, kumbuyo kukumveka sailini ndi amuna anga akubuula, "angowabaya mankhwala pa dilipi pompano." Nthawi yake 15:42. Kenako ndinaika patebulo tsamba la fayilo pomwe adokotala aja analemba ndi dzanja lawo kuti pantchafu sanapeze bala la jakisoni. M'chipinda munangoti zii. Wa tayi uja anati tizifufuzabe, ndipo mpaka pano yankho lawo la pa kalata ndi lomwelo, akufufuzabe.

Sitinalekere pomwepo. Pafupifupi dziko lililonse lili ndi bungwe lomwe limapereka ziphaso kwa madokotala, anamwino ndi ena azaumoyo, ndipo limalandira madandaulo kuchokera kwa anthu wamba, sizilira kuti ukhale ndi loya. Tinakasiya dandaulo kumeneko ndi makope a zonse, makope okha, mapepala enieni osapereka kwa aliyense, ndikubwereza, osapereka. Tinakaonananso ndi loya kuti atiunikire. Anatiuza mosabisa kuti mlandu wa kusasamala kwa achipatala si wophweka, sikokwanira kunena kuti analakwitsa, uyenera kusonyeza kuti zomwe anachita sizomwe wantchito wodziwa bwino akanachita, komanso kuti kuvulala kwako kunabwera chifukwa cha cholakwikacho osati matenda omwe unabwera nawo. Pa ife iwo akhoza kunena kuti anaphylaxis payokha imathanso kuvulaza mtima, zomwe nzoona, nchifukwa chake pamafunika dokotala wina wapadera woti aunike mapepala nkupereka maganizo ake. Anatichenjezanso kuti milandu yotere ili ndi malire a nthawi yokasumira, amasiyana dziko ndi dziko, nde amene mumati mlandu suola samalani, kukhoti umaola ndithu. Za khoti sitinaganize mpaka pano, amuna anga safuna, amati chomwe ndikufuna ine nchoti pepala lija likonzedwe ndipo mnyamata wa mu ambulansi uja aphunzitsidwe.

Ndipo pa za mnyamata ameneyu ine mtima wanga uli pawiri. Masiku oyamba ndinkafuna achotsedwe ntchito, ndisaname. Koma ndikaganiza bwino, anamusiya yekha kumbuyo ndi wodwala woti akufa, wamkulu anangoti apatse adrenaline osatchula mulingo olo pobaya, panalibe wachiwiri woti aone sirinji asanabaye. Alamu anga amati kusukulu amawaphunzitsa kutsimikiza zinthu zisanu asanapereke mankhwala aliwonse, wodwala wake ndi yemweyo, mankhwala ake ndi omwewo, mulingo, njira, ndi nthawi, ndipo pa mankhwala oopsa ngati awa amayenera kutchula mokweza mnzake nkuvomereza. Mnyamata uja zinayi anakhoza, analakwitsa chimodzi chokha, njira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2017 linakhazikitsa kampeni yotchedwa Medication Without Harm, cholinga chake chinali kuchepetsa ndi theka kuvulala koopsa kopeweka kobwera ndi mankhwala m'zaka zisanu, ndipo uthenga wawo kwa odwala ndi achibale ndi woti dziwa, onetsetsa, funsa. Ndinaziwerenga ndili pa benchi ya kuchipatala usiku wachitatu ndipo ndinaseka mowawidwa mtima, chifukwa ine zitatu zonsezo palibe chomwe ndinachita.

Nde kwa inu amene tsiku lina mudzakwere kumbuyo kwa ambulansi ndi m'bale wanu, ndikupempheni izi. Musasokoneze anthu ntchito, musawagwire manja, nthawi imeneyo sekondi iliyonse ndi moyo, ndipo chonde musakanize mankhwala chifukwa cha nkhani yangayi. Koma funso limodzi lalifupi silichedwetsa munthu, "achimwene, amenewo ndi mankhwala anji, mukubaya pati?" Nthawi zina munthu akatchula ndi pakamwa pake zomwe akuchita amadzigwira yekha. Ndimaganiza kuti ndikanangofunsa choncho mwina akanati adrenaline, pantchafu, nkuzindikira kuti wagwira dzanja. Safunsa anadya phula, ife tinadya la njuchi zomwe.

Auzeni msanga mankhwala onse omwe wodwala amamwa ndi omwe thupi lake limadana nawo, olo asanakufunseni. Ngati ndi mwana nenani kulemera kwake mu makilogalamu ngati mukukudziwa, chifukwa mulingo wa ana amawerengera pa sikelo kapena pa zaka, kungoyerekeza ndi maso kumasokoneza. Chilichonse chomwe chabayidwa lembani mu foni, olo kudzitumizira meseji nokha, foni imasunga nthawi yomwe mutu wanu sudzakumbukira. Ndipo mukafika kuchipatala, pomwe a ambulansi akupereka lipoti, khalani pafupi mumve. Mukamva mawu oti simukuwadziwa funsani tanthauzo. Mukaona kuti zomwe zanenedwa zikusiyana ndi zomwe munaona, nenani pompo kwa adokotala, mwaulemu koma momveka, osati kuti wina alangidwe koma kuti wodwala athandizidwe molondola. Ine maola awiri aja amandiwawa mpaka lero.

Chinanso chomwe ndinadziwa mochedwa, munthu wa anaphylaxis samuimiritsa olo kumuyendetsa, amagona chagada miyendo itakwezedwa, pokhapokha ngati akubanika kwambiri ndi pomwe amakhala tsonga. Ine ndinawayendetsa amuna anga kuchoka kuchipinda mpaka pakhonde kuti akapitidwe mphepo, nanenso ndinalakwitsa pamenepo, nde sikuti ndikulemba ngati woyera. Ndipo olo munthu aoneke kuti wachira atabayidwa, apitebe kuchipatala, chifukwa zizindikiro zimatha kubwereranso patapita maola.

Amuna anga pano ali bwino. Miyezi iwiri yoyamba ankatopa msanga, kukwera masitepe ochepa kupuma kaye, usiku ankadzidzimuka kugwira pachifuwa. Atajambulanso mtima patatha miyezi itatu adokotala anati wabwerera mwakale. Anawalembera jakisoni wa adrenaline wodzibaya wekha uja wooneka ngati cholembera, wa 0.3 mg, amabaya pantchafu olo pamwamba pa thalauza, ndipo tonse m'nyumba mpaka mwana wathu wamkulu tinaphunzira kagwiritsidwe kake. Mtengo uja tinaitana odziwa za njuchi anadzazichotsa, iwo saufikanso pafupi. Mu waleti mwawo muli kakhadi komwe ndinalemba ndekha ndi zilembo zikuluzikulu, mbola ya njuchi, anaphylaxis, adrenaline pantchafu IM, ndi nambala yanga pansi pake. Amandiseka kuti ndinalemba ngati chikwangwani cha pamsewu koma sakachotsa.

Sabata yatha a bungwe lopereka ziphaso lija anaimba kuti dandaulo lathu lafika pa komiti ndipo adzatiitana kukapereka umboni, anati tidzabweretse chilichonse chomwe tili nacho. Voisi ija ndinaisunga malo atatu. Kabotolo kaja kadakali mu tishu yomweija, mu envelopu, pansi pa zovala mu wadiropu.